Chitseko Chotchinga Moto: Chikhale Chotseka, Koma Chosakiya

Pahositelo, kukhitchini ya kampani, m'nyumba yosinthira zovala ngakhalenso pansi pamgodi pali zitseko zina zolemera kuposa zinzake. Mukazikankha n'kudutsa, zimabwerera zokha n'kutsekeka. Zambiri zili ndi chikwangwani cha Chingerezi chakuti Fire Door Keep Closed, kutanthauza kuti chitsekocho n'chotchinga moto ndipo chizikhala chotseka. Anthu ambiri zimawatopetsa. Kukatentha, kapena polowetsa katundu, wina amatola njerwa n'kuika pansi kuti chitseko chisabwerere, ndipo njerwayo imagona pomwepo mpaka chaka kutha. Usiku, poopa akuba, wina amazengereza unyolo pachitseko chothawira n'kukhomapo loko.

Njerwa ndi loko n'zinthu zazing'ono, koma zaphetsa anthu ambiri amene akanapulumuka. Chitseko chotchinga moto chimateteza munthu pokhapokha chikakhala chotseka, komanso ngati munthu angathe kuchitsegula ali m'kati popanda kufunafuna kiyi. Malamulo amene tatchula m'nkhani ino ndi a ku South Africa, kumene ambiri a inu mukugwira ntchito, koma malangizo ake ndi othandiza pamgodi uliwonse ndi m'nyumba iliyonse.

Chimene chimapha msanga ndi utsi

Tikamva za moto timaganiza za malawi ndi zilonda. Koma anthu ambiri amene amafa moto ukabuka m'nyumba amafa ndi utsi, malawi asanawafike n'komwe. Mu utsi muli mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200. Ukachuluka, magazi amalephera kupereka mpweya wabwino ku ubongo ndi kumtima. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka miyendo imalefuka, nzeru zimasokonekera, n'kukomoka. Amene ali m'tulo nthawi zambiri sadzuka. Matiresi, mipando ya siponji ndi mapulasitiki ena zikamapsa zimatulutsanso poizoni wina woopsa wotchedwa cyanide.

Ogwira ntchito m'migodi akale amaidziwa bwino nkhaniyi. Pa 16 Sepitembala 1986, pamgodi wa golide wa Kinross ku Evander, anthu amene ankawotcherera zitsulo pansi pa nthaka anayatsa mwangozi siponji ya pulasitiki yotchedwa polyurethane imene inamatidwa m'makoma a njira. Utsi wake unayenda ndi mphepo ya m'migodi kukafika kumalo kumene anthu ankagwira ntchito. Anamwalira anthu 177, ndipo pakati pawo panali a ku Malawi, Mozambique ndi Lesotho. Ambiri sanapse thupi. Anabanika.

M'nyumba zogona, zimene chitseko chimodzi chingachite zinaoneka bwino kutali ku America. Mu Januwale 2022, m'dera la Bronx mumzinda wa New York, hita ya magetsi inayatsa moto m'fulati ina ya m'nyumba ya nsanjika 19. Eni ake anathawa, koma chitseko chawo, chimene chinkayenera kubwerera chokha, chinatsala chotsegula. China cha pamasitepe m'mwamba nacho chinali chotsegula. Malawi sanapite patali, koma utsi unakwera m'masitepe ngati m'chumuni. Anthu 17 anafa ndi utsiwo, ndipo ambiri anali a m'mabanja ochokera ku Gambia, anthu obwera kudzafuna ntchito monga ife tomwe.

Kodi chitseko chotchinga moto n'chosiyana bwanji ndi china?

Nyumba yomangidwa motsata malamulo imagawidwa m'zigawo ndi makoma olimba, kuti moto ukabuka m'chigawo chimodzi uchedwe kulowa m'chinzake. Pakhomo ndi pamene khoma lili ndi bowo. Chitseko chotchinga moto ndicho chimatseka bowolo kwa nthawi yokwanira kuti anthu atuluke ndiponso ozimitsa moto afike.

Ku South Africa lamulo la zomangamanga ndi la mu 1977. Gawo lonena za moto limafotokozedwa mu SANS 10400-T, ndipo zitseko zenizenizo zimapangidwa motsata SANS 1253. Zimayesedwa m'ng'anjo n'kuikidwa m'magulu. Cha Class A chimayenera kuima pamoto ola limodzi osagwa, ndipo kwa mphindi 30 chisalole malawi kapena kutentha kudutsa. Cha Class B chimaima maola 2, n'kutchinga malawi ndi kutentha kwa ola limodzi. Cha Class D chimachita zonsezi kwa maola 2. Chitseko chovomerezeka chimakhala ndi kachitsulo kolembapo dzina la opanga, nambala ndi gulu lake, kawirikawiri m'mphepete mwa kumahinjesi. Ngati kachitsuloko palibe, funsani.

Zitseko zotere mudzazipeza polowera pamasitepe a nyumba zosanjikizana, m'makolido aatali, kukhitchini, kuchipinda cha magetsi ndi cha jenereta, ndi kumene amasungira mafuta, penti kapena mabotolo a gasi.

Chitsekochi chimagwira ntchito pamodzi ndi ziwalo zake. Choyamba ndi felemu, kawirikawiri lachitsulo, lomangidwa molimba m'khoma. Chachiwiri ndi mahinjesi olimba, nthawi zambiri atatu kapena kuposa. Chachitatu ndi mkono wachitsulo kapena sipuling'i imene imachibweza kuti chitsekeke chokha. Chachinayi ndi kamano kamene kamagwira pafelemu chitseko chikatsekeka. Kutentha kumakankha ndi kupinda chitseko, choncho chongotsamira osagwira chimatseguka. Zambiri zilinso ndi kalamba kowonda m'mphepete, kamene kamafufuma kakatenthedwa n'kutseka mipata. Chiwalo chimodzi chikasowa, mphindi 30 kapena maola 2 aja musawadalire.

Musanyengedwe ndi malata. Chitseko chachitsulo chowotcherera kwa mmisiri wa pamsika n'chabwino potchinga akuba, koma pamoto chimatentha msanga mbali zonse, chimapindika, ndipo chingathe kukakamira m'felemu inu muli m'kati.

Poika chitseko

Ena mwa inu mumagwira ntchito ndi makontilakitala omanga ndi kukonza nyumba za pamgodi. Dziwani izi. Chitseko ndi felemu lake zimayesedwa pamodzi, choncho ziyenera kugulidwa pamodzi ndi kuikidwa monga anenera opanga. Musaike chitseko chotchinga moto m'felemu lamatabwa wamba. Mpata wa pakati pa felemu ndi khoma udzazidwe ndi simenti kapena zina zosapsa zimene opanga avomereza, osati manyuzipepala kapena siponji wamba yopopera. Mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu, m'mbali ndi pamwamba, ukhale wochepa, pafupifupi mamilimita 3.

Chitseko chikamakhula pansi, musachipale ndi puleni mongoganiza. Kawirikawiri vuto limakhala mahinjesi ofooka. Musachiboole kuti muikepo loko wachiwiri, waya wa wailesi yakanema kapena kawindo. Galasi lake likasweka, la mawindo wamba silingalowe m'malo mwake chifukwa limaphulika moto ukangoyamba. Popenta, musakwirire kachitsulo ka dzina kaja.

Yang'ananinso pamwamba. Ngati khoma lathera pasiling'i osafika kudenga, kapena ngati amagetsi anaboola mabowo odutsa mawaya n'kuwasiya, utsi udzalumpha chitseko n'kudutsa m'mwamba.

Pamene anthu amadutsa pafupipafupi ndi ngolo za chakudya kapena machira, pali njira yovomerezeka yosiyira chitseko chotsegula. Amaika maginito olumikizidwa ku alamu, ndipo alamu ikalira maginitowo amachisiya chitseko n'kutsekeka. Njerwa siimva alamu. Ngati chitseko chikukuvutitsani pantchito tsiku ndi tsiku, pemphani maginito oterowo kudzera kwa kapitawo wanu.

Kutseka si kukiya

Pano ndi pamene ambiri amasokoneza. Chitseko cha panjira yothawira chiyenera kutsegukira kumene anthu akuthawira, ndipo chitseguke ndi dzanja limodzi, mumdima, popanda kiyi. N'chifukwa chake zambiri zili ndi chitsulo chopingasa chongokankha. Kunja chingathe kukhala chokiya kuti wakuba asalowe, koma wa m'kati atuluke nthawi iliyonse.

Mu Novembala 2000, pafakitale ina ya mankhwala opukutira pansi ku Lenasia, kum'mwera kwa Johannesburg, antchito 11 a shifiti ya usiku anafera m'moto chifukwa anawakiyira m'kati. Pa 31 Ogasiti 2023, moto unabuka m'nyumba ya Usindiso pa Albert Street ku Marshalltown, pakati pa Johannesburg, n'kupha anthu 76. Ambiri anali ochokera kumaiko oyandikana nawo, a ku Malawi ali m'gulu. M'kati mwa nyumbayo munali mutagawidwa tizipinda ta matabwa ndi makatoni, njira zothawira zinali zotsekeka, ndipo mageti achitsulo oikidwa poopa akuba anali okiya. Ena anafera pageti, ena analumpha pamawindo. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Sisi Khampepe linanena mu 2024 kuti akuluakulu a mzinda anali ndi mbali pamlanduwo chifukwa sanakakamize malamulo a chitetezo ngakhale ankadziwa mmene nyumbayo inalili.

Mantha a akuba ndi enieni, palibe angatsutse. Koma geti limene kiyi wake ali m'thumba la munthu mmodzi, amene mwina ali kushifiti kapena kumowa, lasanduka msampha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zitseko za pansi pamgodi

Pansi pa nthaka palibe windo lothawira, ndipo mpweya wonse umene mumapuma umachita kukankhidwa ndi mafani. Kumene mphepo ipita, utsi upitanso komweko. Zitseko za m'njira ndizo zimawongolera mphepoyo. Zambiri zimakhala ziwiri zotsatizana. Tsegulani chimodzi, lowani, tsekani, kenaka mutsegule chinacho. Mukasiya zonse ziwiri zotsegula, mphepo imadula njira n'kubwerera osafika kwa anzanu a kutsogolo, kutentha ndi mpweya woipa n'kuwachulukira. Moto ukabuka, chitseko chosiyidwa chotsegula chingatumize utsi m'njira imene anthu anaphunzitsidwa kuthawiramo.

Palinso zitseko zotchinga moto pamalo a magetsi, mosungira dizilo ndi oyilo, ndi mokonzera makina. Ngozi za moto m'migodi sizinathe ndi Kinross. Mu Januwale 2016 anthu 4 anafa pamgodi wa pulatinamu wa Impala ku Rustenburg, ndipo mu Julayi 2018 anthu 6 anafa pamgodi wa mkuwa wa Palabora. Konseku moto unagwira lamba wonyamula miyala.

Chitseko chofunika kwambiri ndi cha chipinda chobisalamo, chimene pantchito timachitcha refuge bay. M'chipindachi muli paipi ya mpweya, madzi ndi foni. Mukalowa, tsekani chitseko, tsegulani mpweya monga munaphunzitsidwira, imbani foni kumtunda. Mpweya wa m'paipi umadzaza chipindacho n'kukankhira utsi kunja, koma izi zimatheka ngati chitseko chikukhala bwino pafelemu. Mu Febuluwale 2014, pamgodi wa Doornkop kumadzulo kwa Johannesburg, moto unabuka pansi nthaka itagwedezeka. Anthu 9 anamwalira, koma anzawo 8 amene anafika m'chipinda chobisalamo anatulutsidwa amoyo. Musasandutse chipindachi kukhala sitolo ya zida kapena pogona, ndipo musatuluke mpaka opulumutsa atafika kapena mutauzidwa pafoni. Chida chopumira cha m'chiuno chimapereka mpweya wa mphindi pafupifupi 30, ndipo umatha msanga mukamathamanga. Dziwani chipinda chimene chili pafupi ndi pamene mukugwira ntchito lero, osati pamene munali mwezi watha.

Kumene timagona

Ambiri masiku ano sakhala pahositelo. Amachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, fulati m'tauni, kapena kanyumba ka malata kamene kuno amati mkhukhu. Kumeneko zitseko zotchinga moto n'zosowa, koma ngakhale chitseko wamba chamatabwa, chikakhala chotseka, chimachedwetsa utsi ndi kutentha. Gonani zitseko za kuchipinda ndi kukhitchini zili zotseka.

Chenjezo: chitseko chotseka ndi mbaula siziyenderana. Makala amatulutsa carbon monoxide ngakhale utsi usakuoneka. M'miyezi yozizira, Juni ndi Julayi, anthu amapezeka atafa m'tulo chifukwa chogona ndi mbaula m'nyumba. Tulutsani mbaula panja, zimitsani kandulo, sitovu ya parafini ndi hita musanagone.

Kiyi wa chitseko ndi wa geti akhale pamalo amodzi pafupi ndi khomo, pamene aliyense wa m'nyumba, ndi ana omwe, angafike mumdima. Musakiyire ana m'nyumba popita kuntchito kapena kumsika. Ngati mawindo onse ali ndi zitsulo zotchinga akuba, windo limodzi likhale ndi zitsulo zotseguka kuchokera m'kati. Alamu ya utsi ya batire imadzutsa munthu utsi usanamugonjetse, ndipo ndi mphatso yabwino kupita nayo kwanu. Ngati nyumba ili yolumikizana ndi galaja, malamulo amafuna kuti chitseko cha pakatipo chikhale cholimba, chopirira moto kwa mphindi 30, chifukwa m'galaja mumakhala petulo.

Musanapereke ndalama ya lendi m'nyumba yosanjikizana, tsikani masitepe onse mpaka panja. Kodi pali njira yachiwiri? Kodi pali geti lokiya panjira? Kiyi amasunga ndani? Ndipo inu amene mukutumiza ndalama zomangira kumudzi, uzani mmisiri aike makomo awiri, lakumaso ndi lakuseri. Amayi amene mukuyang'anira ntchitoyo kunyumba, limbikirani zimenezi ngakhale mmisiri atanena kuti n'kuononga ndalama.

Yesani chitseko chanu: mafunso 7

1. Mukachitsegula pang'ono n'kuchisiya, kodi chikutsekeka chokha mpaka kamano kugwira? Yesaninso mutachitsegula chonse.
2. Kodi mkono wobweza ulipo, womangidwa bwino, wosadontha mafuta?
3. Kodi mahinjesi onse ali ndi masikuluu ake?
4. Chikatsekeka, kodi mukuona kuwala m'mbali kapena pamwamba? Kodi kalamba ka m'mphepete kalipo konse?
5. Kodi pali bowo, mng'alu kapena galasi losweka?
6. Kodi mungachitsegule muli m'kati popanda kiyi?
7. Kodi mbali zonse ziwiri n'zopanda katundu, monga njinga, mabedi akale, makatoni ndi migolo?

Kuyesa konseku sikutenga mphindi ziwiri. Chitani kamodzi pamwezi, tsiku lolandira malipiro kuti musaiwale.

Mukapeza vuto, nenani

Lamulo la Mine Health and Safety Act la mu 1996 limateteza wantchito aliyense wa pamgodi, kaya ndi nzika kaya ndi wochokera kunja, kaya ndi wa kampani kaya ndi wa kontilakitala. Mgodi wa antchito 20 kapena kuposa uyenera kukhala ndi woimira antchito pa zaumoyo ndi chitetezo, ndipo wa antchito 100 kapena kuposa uyenera kukhala ndi komiti. Ndime 23 imakupatsani ufulu wochoka pamalo pamene mukuona kuti pali ngozi yaikulu, ndipo ndime 83 imaletsa bwana kukusalani chifukwa chogwiritsa ntchito ufulu wanu. Lamulo lomwelo limaletsanso wantchito kuononga kapena kusokoneza zida zachitetezo. Kumasula mkono wa chitseko chifukwa chikulemera ndi kusokoneza kumene.

Uzani kapitawo ndi woimira antchito, ndipo pemphani kuti dandaulo lilembedwe m'buku, tsiku lake lioneke. Jambulani chithunzi pafoni ngati malo ake n'ngololedwa. Zikapanda kukonzedwa, pitani kukomiti, kubungwe lanu la antchito kapena kwa oyendera migodi a boma. Za nyumba ya lendi, yambani ndi mwini nyumba. Akakana, ofesi ya ozimitsa moto ya mzinda ili ndi mphamvu yoyendera nyumbayo. Pitani angapo, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Moto ukabuka

Kuwani kuti ena adzuke ndipo lizani alamu. Musanatsegule chitseko chilichonse, chikhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Ngati n'chotentha, musatsegule. Mu utsi, kwawani, chifukwa mpweya wabwinoko umakhala pansi. Chitseko chilichonse chimene mwadutsa, chitsekeni, koma musachikiye. Gwiritsani ntchito masitepe, osati chikepe. Mukatuluka musabwererenso. Ambiri amabwerera chifukwa cha pasipoti ndi mapepala a ntchito, choncho zisungeni m'kachikwama kamodzi pafupi ndi khomo, ndipo zithunzi zake tumizani kwa wachibale. Ngati njira yatsekeka, khalani m'chipinda, tsekani chitseko, tsekani mpata wa pansi ndi nsalu yonyowa, pitani pawindo muitane. Ku South Africa imbani 112 pafoni ya m'manja, kapena 10177.

Aliyense amene wapuma utsi apite kuchipatala ngakhale akumva bwino. Kukhosi kungathe kutupa patapita maola. Mawu osasa, mwaye m'mphuno kapena m'makhololo, mutu wosasiya ndi kupuma movutikira ndi zizindikiro zoti musachedwe. Amene mapapo awo anafooka kale ndi TB kapena matenda a fumbi la m'migodi otchedwa silicosis, amayi oyembekezera ndi ana aang'ono ndiwo amavulazidwa msanga. Pamene papsa thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Musapake mafuta, mazira kapena mankhwala otsukira mano.

Tsamba lino mukawerenga, apatseni anzanu a m'chipinda, ndipo muwawerengere amene sadziwa kuwerenga. Ngati muli ndi funso, bwerani kukiliniki ya pamgodi kapena funsani woimira antchito wa shifiti yanu. Lero lomwe, yendani njira yochokera pabedi panu mpaka panja. Mukapeza njerwa pachitseko, ichotseni. Mukapeza unyolo ndi loko, nenani usiku usanafike.